Momwe Mungaphunzitsire Mphaka Kuyenda pa Chingwe

Anthu ambiri amene amayesa kuyenda ndi mphaka pa chingwe amagwa mphwayi tsiku loyamba lomwe, ndipo kawirikawiri zimawakanika m'njira ziwiri. Ena akangomuveka lamba, mphakayo amagwa cham'mbali n'kuuma thupi lonse, ndipo mwini wake amaganiza kuti wapweteka kapena kuti sangaphunzire kanthu. Ena amakwanitsa kutuluka naye panja, koma galu akangouwa kapena njinga yamoto ikangodutsa, mphakayo amabwerera chafutambuyo, amadzisolola m'lambamo n'kuthawa, mwini wake n'kutsala ndi chingwe m'manja. Mavuto onse awiriwa amachokera pa kufulumira: kumanga mphaka asanazolowere lamba, kumutulutsa asanakonzeke, ndi kumukoka ngati mmene timachitira ndi galu.

Malangizo awa alembedwera munthu amene mphaka wake amakhala m'nyumba usana ndi usiku, kaya chifukwa chokhala pafupi ndi msewu wodutsa magalimoto ambiri ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kaya chifukwa chokhala m'nyumba yosanja ku Johannesburg kapena ku London. Mphaka wa kumudzi amene amadziyendera yekha n'kumagwira makoswe m'nkhokwe alibe nazo ntchito zimenezi. Dziwiranitu kuti pa ulendo wotere amene amatsogolera ndi mphaka, ndipo inu mumangomutsatira ndi kumuteteza. Akhoza kukhala malo amodzi kwa mphindi 10 akuyang'ana buluzi pakhoma, kenako n'kuyenda mamita ochepa chabe, ndipo ulendo umenewo wayenda bwino.

## Yambani mwaona ngati mphaka wanu ndi woyenera

Si mphaka aliyense amene amapindula ndi chingwe. Mabungwe osamalira nyama ku Britain, monga RSPCA ndi Cats Protection, salimbikitsa kuyenda ndi amphaka pa chingwe, chifukwa mphaka akachita mantha amadalira kuthawa, kubisala kapena kukwera pamwamba, ndipo chingwe chimamulanda njira zonsezi. Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo ndi chifukwa chake gawo lalikulu la malangizo awa likukamba za kuchepetsa mantha.

Mphaka woyenera ndi amene amabwera kudzanunkhiza alendo m'malo mothawira kunsi kwa bedi, amene amakhala pawindo kuyang'ana kunja, ndiponso amene amalola kugwidwa pachifuwa ndi pamapewa. Mwana wa mphaka wa miyezi ingapo amazolowera msanga, koma wamkulu nayenso amaphunzira ngati ali wolimba mtima. Mphaka wamantha kwambiri, wokalamba, wodwala mtima kapena wovutika kupuma musamukakamize. Ameneyo mutha kumutchingira khonde ndi waya wa sefa kuti aziwothera dzuwa ndi kumva fungo la kunja ali pamalo otetezeka.

## Zipangizo zofunika

- Lamba wapachifuwa wopangidwira amphaka, amene m'mashopu a zinthu za ziweto amalembedwa kuti harness. Alipo wooneka ngati chilembo H, wokhala ndi lamba mmodzi m'khosi ndi wina pachifuwa. Alipo wooneka ngati nambala 8. Ndipo alipo wonga kajekete kophimba msana ndi chifuwa. Wa kajekete ndi amene mphaka amavutika kwambiri kuvula, ngakhale kuti amatentha m'nyengo yadzuwa. Wa H ndi wopepuka ndipo ndi wabwino ngati wamangidwa mokwanira. Wa nambala 8 sindikulimbikitsa, chifukwa amathina m'khosi chingwe chikakokedwa. Mphete yachitsulo yokolekamo chingwe iyenera kukhala pamsana, kumbuyo kwa mapewa.
- Chingwe chopepuka chotalika mita 1.5 mpaka mamita 2, chokhala ndi kachitsulo kokolekera kakang'ono. Unyolo wa galu ndi wolemera kwambiri. Chingwe chodzikulunga chokha m'chogwirira cha pulasitiki musagule, chifukwa chikakupulumukani m'manja chogwiriracho chimathamangira mphaka chikuchita phokoso, ndipo iye amathawa osaima.
- Tepi ya telala yoyezera thupi la mphaka.
- Tizakudya ta mphotho timene mphaka amatikonda kuposa chakudya chake cha masiku onse, monga nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda mafupa, kapena usipa wopanda mchere. Musathiremo anyezi kapena adyo, chifukwa zimenezi zimawononga magazi a mphaka. Dulani tizidutswa tating'ono kwambiri, ndipo mphotho zonse za tsiku limodzi zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake.
- Bokosi kapena chikwama chonyamulira mphaka, chotsekeka bwino komanso cholowa mpweya.
- Thaulo lalikulu lokhuthala, lofundika mphaka akachita mantha.
- Chizindikiro cha mwini wake, monga kachitsulo kolembedwa nambala ya foni, kapena microchip, kachipangizo kakang'ono kosunga nambala yozindikiritsa mphaka, imene dokotala wa ziweto amaika pansi pa khungu. Kwa amene mukukhala ku England, kuyambira pa 10 June 2024 lamulo limafuna kuti mphaka aliyense woweta akhale ndi microchip asanakwanitse milungu 20.

Ngati kwanuko lamba wa amphaka sapezeka, telala waluso akhoza kusoka kajekete ka nsalu yolimba, n'kuikapo lamba wa chikwama, zotsekera za pulasitiki ndi mphete yachitsulo. Muuzeni abwereze kangapo msoko wogwira mpheteyo, ndipo inu mukoke mwamphamvu ndi manja kuti muone ngati sukusomphoka. Lamba wa kagalu si wodalirika, chifukwa pakhosi pake pamakhala potakasuka kwambiri poyerekeza ndi mutu wa mphaka.

## Za thanzi musanaganize zotuluka

Maphunziro a m'nyumba mungayambe lero, koma mphaka asaponde panja asanalandire katemera. Wofunika kwambiri ndi wa chiwewe, amene kawirikawiri amaperekedwa mphaka akakwanitsa milungu 12, ndipo kwathu ku Malawi, kumene matendawa akadalipo makamaka pakati pa agalu, nkhani imeneyi si yozengereza. Palinso katemera woteteza ku panleukopenia (matenda oopsa a kusanza ndi kutsegula m'mimba) ndi chimfine cha amphaka, komanso wa feline leukaemia (matenda ofooketsa chitetezo cha m'thupi) amene madokotala amalimbikitsa kwa amphaka otuluka panja. Funsani ku ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu, kwa dokotala wa ziweto, kapena ku mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, ndipo akuuzeni masiku amene ayenera kudutsa kuchokera pa jakisoni womaliza kuti katemerayo ayambe kuteteza mokwanira.

Panja pali utitiri, nkhupakupa ndi mazira a njoka zam'mimba, choncho mphaka ayenera kukhala pa mankhwala oteteza. Apa ndi pamene anthu ambiri a zolinga zabwino amapha amphaka awo. Mankhwala ambiri a utitiri opangira agalu ali ndi permethrin, amene kwa mphaka ndi poizoni woyambitsa kunjenjemera, kukomoka ngakhale imfa. Dipi ya ng'ombe nayonso isamukhudze. Gwiritsani ntchito okhawo amene alembedwa kuti ndi a amphaka, pa mlingo wogwirizana ndi kulemera kwake. Ndi bwinonso kuti wamwamuna afulidwe ndipo wamkazi atsekedwe, popeza wamkazi angatenge bere ali ndi miyezi 4 yokha, ndipo mphaka wosafula akamva fungo la mnzake amalimbana ndi chingwe kuti apite.

## Ndondomeko yake

Phunziro lililonse likhale lalifupi, la mphindi 2 mpaka 5, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, nthawi ya chakudya itatsala pang'ono kukwana kuti mphotho ikhale ndi mphamvu. Musapite pa sitepe yotsatira chifukwa chakuti masiku akutha. Pitani pokhapokha mphaka akamadya, kusewera ndi kuyenda mwa masiku onse pa sitepe imene mulipo. Amphaka ena amamaliza m'milungu yochepa, ena amatenga miyezi.

### 1. Yezani mphaka ndi kusankha lamba womukwana

Zunguzani tepi pachifuwa, kumbuyo kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, mukupanikiza ubweya pang'ono kuti muyeze thupi lenileni. Yezaninso khosi. Fananizani manambalawo ndi amene alembedwa pa paketi ya lamba, ndipo musagule wamkulu poganiza kuti mphaka adzakuliramo.

Chenjezo: Mphaka waubweya wambiri amaoneka wonenepa kuposa mmene alili. Mukayeza pamwamba pa ubweya mudzagula lamba wokhwepa.

### 2. Lamba akhale chinthu chodziwika m'nyumba

Ikani lambayo pafupi ndi mbale ya mphaka kapena pamene amagona, n'kumusiya pamenepo masiku angapo. Mphaka akayandikira kapena akanunkhiza, mupatseni mphotho nthawi yomweyo. Kenako muzitsegula ndi kutseka zotsekera muli chapatali pang'ono, n'kupereka mphotho phokoso lililonse likamveka. Zimenezi n'zofunika makamaka pa lamba wa Velcro (wotseka pomata), amene phokoso lake pomatula limadzidzimutsa amphaka ambiri, ndipo si bwino kuti alimve koyamba lili pafupi ndi khutu lake.

### 3. Mukhudzeni ndi lamba popanda kumanga

Mphaka ali mkati modya, gonekani lamba pamsana pake kwa masekondi ochepa, n'kuchotsa asanayambe kudzigwedeza. Ngati lamba wanu ndi wolowetsa mutu, gwirani kachakudya tsidya lina la bowolo kuti mphaka alowetse mutu yekha pofuna kudya. Musakankhire lamba kumutu kwake. Bwerezani mpaka azilowetsa mutu mosazengereza.

### 4. Mangani lamba

Tsekani zotsekera mwakachetechete, mokhwefula pang'ono pa tsiku loyamba, ndipo perekani mphotho nthawi yomweyo. Muvuleni pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri. Amphaka ambiri pa nthawi imeneyi amauma thupi, amakwawa mimba ili pansi, amayenda chafutambuyo kapena kugwa cham'mbali. Sanapweteke. Thupi la mphaka limamva kwambiri chilichonse chokhudza ubweya wake, ndipo chinthu chomuzinga pachifuwa chimamupangitsa kumva ngati wagwidwa, choncho amaima kuti aone chimene chichitike. Musamudzutse ndi manja, musamukalipire, ndiponso musathamangire kumuvula mwamantha. Ikani kachakudya patsogolo pake, pamtunda woti atambasule khosi, kenako kena patsogolo pang'ono kuti aponde phazi limodzi. Chidole chimene amakonda kuthamangitsa, monga nthenga yomangirira pa kamtengo, chimathandiza kwambiri, chifukwa mphaka akayamba kusaka amaiwala zimene wavala. Yesetsani kumuvula pamene wadekha, kuti asaphunzire kuti kuphupha ndiko kumachotsa lamba. Koma ngati wachita mantha enieni, akupuma mofulumira kapena akudzigubuduza mwamphamvu, muvuleni ndipo mawa bwererani pa sitepe 3.

Tsiku ndi tsiku onjezerani nthawi, kuchoka pa mphindi 2 kufika pa 5, kenako 10 ndi kupitirira, ndipo pang'onopang'ono thinitsani lambayo mpaka afike pa muyezo woyenera. Muyezo wake ndi wakuti chala chimodzi, kapena ziwiri zogonekedwa ngati mphaka ndi wamkulu, zilowe pakati pa lamba ndi thupi, osaposa pamenepo. Sitepe iyi yatha pamene mphaka akudya, kudumphira pampando, kudzinyambita ndi kugona atavala lamba.

Chenjezo: Musachoke panyumba kapena kukagona mphaka atavala lamba. Akhoza kukodwa pa msomali kapena pa chitsulo cha windo, kapenanso kulowetsa chibwano m'lamba wa m'khosi n'kulephera kuchitulutsa.

### 5. Kolekani chingwe muli m'nyumba

Sankhani chipinda chopanda zinthu zambiri zokola chingwe. Kolekani chingwe pa mphete ya pamsana, chigwireni mokhwefula, ndipo mutsatireni mphaka kulikonse kumene akupita. Ena amalangiza kusiya chingwe kuti chizikhwekhwerezeka pansi kuti mphaka azolowere kulemera kwake. Zimenezi zimathandiza amphaka ena, koma ena amaona ngati chinthu chikuwathamangitsa, choncho ngati mwayesa n'kuona kuti akuthawa, chinyamuleni m'manja.

### 6. Phunzirani kagwiridwe ka chingwe

Sitepe iyi ndi ya inuyo kuposa mphaka, ndipo ndi imene idzamupulumutse tsiku lina panja. Fupa la mphaka lolumikiza phewa ndi chifuwa ndi laling'ono kwambiri ndipo limangogwiridwa ndi minofu, motero mapewa ake amatha kupanikizika mpaka kudutsa pamalo opapatiza. Mphaka akatembenuka kuyang'ana inu n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, chingwe chili chokungika, amaweramitsa mutu n'kutambasulira miyendo kutsogolo, ndipo lamba amavuka kudzera kumutu ngati malaya. Chimene chimamuvula ndi mphamvu ya dzanja lanu lomwe. Palibe lamba, ngakhale wodula chotani, amene mphaka wamantha sangavule ngati munthu ali kutsogolo kwake akukoka.

Choncho malo anu ndi kumbuyo kapena pambali pa mphaka, chingwe chili pamwamba pa msana wake, chokhwepa pang'ono koma chosafika pansi. Lowetsani dzanja m'chogwirira mpaka pamkono, ndipo dzanja linalo ligwire chapakati kuti muzifupikitsa kapena kutalikitsa. Akayamba kubwerera chafutambuyo, mtima umakuuzani kuti mukoke, koma choyenera ndi kumusenderera msanga kuti chingwe chikhwepe, n'kuzungulira kumbuyo kwake. Yesererani zimenezi m'nyumba mpaka thupi lanu lizichita lokha.

Pofuna kumuletsa kupita kwina, ingoimani n'kugwira chingwe osachitalikitsa komanso osakoka. Iye akamva kuti njira yatha n'kutembenuka, chingwe chikhwepe nthawi yomweyo ndipo alandire mphotho. Pofuna kuti abwere mbali yanu, muitaneni ndi dzina, muonetseni chakudya kapena chidole, n'kudikira.

### 7. Muphunzitseni bokosi ndi kuitanidwa

Siyani bokosi lonyamulira lili lotsegula m'nyumba, muikemo kansalu kamene amagonera ndi tizakudya, kuti alione ngati pobisalira pake. Mphaka amene amalowa m'bokosi pokhapokha popita kukabayidwa jakisoni sadzathawiramo akaopsezedwa panja. Sankhaninso mawu amodzi kapena phokoso limodzi, monga kugwedeza kachitini ka tizakudya, limene nthawi zonse limatsatana ndi mphotho yabwino. Yambani ali pafupi, kenako muzimuitana ali m'chipinda china.

### 8. Ulendo woyamba panja

Sankhani malo abata a pakhomo panu, monga khonde kapena kuseri kwa nyumba mkati mwa mpanda. Yenderani malowo nokha choyamba. Tsekani geti, tsekerani agalu, ndipo pemphani ana ndi ena onse a pakhomo kuti akhale chete. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanatenthe kapena madzulo kusanade. Mdima ukagwa makomo ambiri m'matauni amamasula agalu olondera, ndipo mphaka wopulumuka usiku ndi wovuta kumupeza.

Muvekeni lamba ndi kukoleka chingwe chitseko chisanatsegulidwe, ndipo onaninso zotsekera zonse. Kenako munyamuleni m'manja kapena m'bokosi podutsa pakhomo, n'kukamutsitsa panja. Musalole kuti adutse pakhomo ndi mapazi ake, chifukwa akazolowera zimenezo adzayamba kuthamangira panja nthawi iliyonse imene chitseko chatseguka, ngakhale asanavale lamba. Ikani bokosi pansi lili lotsegula, khalani pansi pambali pake, thaulo lili paphewa, ndipo musamuumirize kutuluka. Ngati tsiku loyamba wangosuzumira ali m'bokosi n'kumanunkhiza mphepo, zakwanira. Mphindi 5 n'zokwanira pa ulendo woyamba, ndipo bwererani m'nyumba iye asanatope kapena kuopsedwa. Mukalowa, muvuleni lamba n'kumupatsa chakudya.

Nthawi yonseyi maso anu akhale pa mphaka ndi pa zimene zikubwera, foni ili m'thumba. Mphaka womasuka amaimika mchira, makutu amaloza kutsogolo, amanunkhiza zinthu, amadzikhula pa mitengo ndipo amalandira chakudya. Wamantha amanyonyomala mimba ili pansi, makutu amagona cham'mbuyo, mboni za maso zimakula, mchira umafufuma kapena kupanidwa pakati pa miyendo, ndipo amakana ngakhale chakudya chimene amachikonda. Kukana chakudya ndi chizindikiro chodalirika kwambiri chakuti nthawi yobwerera yakwana.

### 9. Talikitsani ulendo pang'onopang'ono

Bwererani pamalo omwewo masiku ambiri, chifukwa mphaka amalimba mtima pamalo amene wasiyapo fungo lake. Akayamba kuyendayenda momasuka, onjezerani nthawi mpaka mphindi 15 kapena 20, ndipo muloleni afike patali pang'ono. Kwa amphaka ambiri, pabwalo la pakhomo ndi pokwanira moyo wawo wonse, ndipo palibe chifukwa chowatengera kumsika kapena m'mbali mwa msewu waukulu. Ngati mwatuluka kunja kwa mpanda, yembekezerani kuti anthu aima kuti aone ndipo ana akuzungulirani, popeza mphaka wa pa chingwe ndi chinthu chachilendo m'madera athu ambiri. Auzeni mwaulemu kuti aonere patali ndipo asamugwire.

Musamulole kukwera mumtengo kupitirira pamene manja anu angafike, chifukwa chingwe chikakodwa m'nthambi akhoza kulendewera. Mutalikitseni ku udzu wautali m'nyengo yamvula chifukwa cha njoka, ku mzere wa linthumbu, ndiponso ku malo amene athirapo mankhwala a mbewu kapena a makoswe monga tameki. Maluwa otchedwa lily, amene ena amadzala pakhomo, ndi oopsa kwambiri: tsamba, duwa kapena ufa wake wachikasu ukanyambitidwa pa ubweya umawononga impso za mphaka. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala gwirani simenti kapena mchenga ndi kuseri kwa dzanja, ndipo ngati mukupsa, mapazi a mphaka apsanso. Mphaka sapuma ndi kukamwa kotsegula ngati galu pokhapokha atatenthedwa kwambiri, atachita mantha aakulu kapena atadwala, choncho mukaona zimenezi mulowetseni pamalo ozizira msanga, ndipo zikapitirira pitani naye kwa dokotala. Mukabwerera ku ulendo uliwonse, fufuzani nkhupakupa m'makutu, m'khosi ndi m'khwapa, n'kuchotsa chisoso chomata pa ubweya.

## Mphaka akadzidzimuka kapena akapulumuka

Mukaona galu akubwera chapatali, musadikire. Lowetsani mphaka m'bokosi akadali wodekha. Ngati wadzidzimuka kale, akuphupha ndi kulira moopseza, musamugwire ndi manja okha, chifukwa pa nthawi imeneyo sazindikira mwini wake ndipo amaluma ndi kukanda chilichonse chomukhudza. Mufundikeni thaulo thupi lonse ndi mutu womwe, mumukulunge, n'kumuika m'bokosi kapena kulowa naye m'nyumba. Musiyeni m'chipinda chabata mpaka mtima wake ukhale pansi, ndipo papite masiku angapo musanayesenso, kuyambira pakhonde.

Akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala. Mano a mphaka ndi osongoka ndipo amalowetsa tizilombo mkati mwa mnofu, motero bala looneka laling'ono, makamaka la padzanja, limatha kutupa kwambiri pasanathe tsiku limodzi.

Akavula lamba n'kuthawa, musamuthamangitse kapena kukuwa. Onetsetsani kumene walowera. Mphaka wozolowera m'nyumba kawirikawiri sapita kutali, amabisala pafupi n'kukhala duu, kunsi kwa galimoto, m'ngalande, pamulu wa nkhuni kapena m'maluwa. Tsegulani chitseko cha nyumba, ikani bokosi lake pafupi ndi pamene wabisala, khalani pansi n'kumuitana ndi phokoso lija la pa sitepe 7. Ngati simukumuona, dziwitsani anansi, ndipo funaninso usiku kukakhala bata muli ndi tochi, popeza maso ake amanyezimira akawalitsidwa.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukoleka chingwe pa kolala ya m'khosi. Khosi la mphaka ndi losalimba, ndipo kukoka pamenepo kungamutsamwitse kapena kumuvulaza kholingo. Komanso makolala abwino a amphaka anapangidwa kuti azimasuka okha akakodwa, choncho sangagwire chingwe.

Kudumpha masitepe a m'nyumba. Ichi ndi cholakwika chachikulu kuposa zonse. Mphaka amene waopsedwa kwambiri pa ulendo woyamba amagwirizanitsa lamba ndi mantha amenewo, ndipo kumubwezeretsa pamene anali kumatenga nthawi yaitali kuposa imene mukanataya pomuphunzitsa modekha poyamba.

Kumanga lamba mokhwefula chifukwa cha chisoni. Anthu ambiri amaopa kuthinitsa, koma lamba wokhwepa amakhula khungu m'khwapa ndipo amavuka mosavuta. Yesani ndi chala nthawi iliyonse musanatuluke. Kwa mwana wa mphaka amene akukula, onani mlungu uliwonse ngati lamba sanayambe kuthina.

Kulanga. Kumenya, kukalipa kapena kuwaza madzi kumangophunzitsa mphaka kukuopani inuyo ndi lamba yemwe.

Kumangirira mphaka pamtengo n'kupita kukagwira ntchito zina. Mphaka womangiriridwa sangathawe galu, ndipo akadumpha mpanda kapena kuzungulira nthambi akhoza kudzipachika m'mphindi zochepa.

Kupereka chingwe kwa mwana wamng'ono. Mwana amakoka kapena kutaya chingwe akadzidzimuka. Akhoza kuyenda nanu n'kumapereka mphotho, koma chingwe chikhale m'manja mwa munthu wamkulu.

Kumwetsa mphaka mankhwala a anthu akavulala panja. Panado ndi mankhwala ena onse okhala ndi paracetamol amapha mphaka ngakhale pa mlingo wochepa, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwasungunula. Mphaka wovulala apite kwa dokotala wa ziweto.

Kutuluka naye chifukwa chakuti akulira pakhomo. Mphaka amene wakonda kunja amayamba kulira ndi kukanda chitseko. Mukamutulutsa nthawi imeneyo, mwamuphunzitsa kuti kulira kumatsegula chitseko, ndipo adzalira usiku womwe. Khazikitsani nthawi imodzi ya ulendo tsiku lililonse, sungani lamba m'kabati kutali ndi khomo, ndipo muzimuveka pokhapokha ali chete, m'chipinda china osati pakhomo penipeni.